Mphaka wanga amasanza kawirikawiri koma sakuoneka wodwala

Mayi wina wa ku Area 25, muno mu Lilongwe, watumiza funso ili: "Adokotala, tili ndi mphaka wamwamuna wa miyezi 9 amene tinamutenga ali kamwana kuti azitithandiza makoswe. Kwa miyezi iwiri tsopano wakhala akusanza kawiri kapena katatu pa sabata, nthawi zambiri m'mawa akangomaliza kudya, koma akatero amangodzinyambita n'kuyamba kusewera ngati palibe chachitika. Timamupatsa nsima yosakaniza ndi usipa, ndipo ana amakonda kumuthirira mkaka. Mankhwala a njoka za m'mimba anamwa kamodzi kokha ali wamng'ono. Aneba ena akuti amphaka ndi momwe alili, ena akuti ndimupatse theka la Panado. Kodi ndide nkhawa?"

Mayi, ndiyambire pa Panadoyo, chifukwa pa zonse zimene mwalemba, chimene chingaphe mphaka wanu sabata ino isanathe ndi piritsi limenelo, osati kusanzako. Mu Panado muli mankhwala otchedwa paracetamol, amene chiwindi cha munthu chimawaphwanya ndi kuwatulutsa bwinobwino, pamene chiwindi cha mphaka chilibe mphamvu yokwanira kutero. Mankhwalawo amawononga magazi mpaka amalephera kunyamula mpweya, ndipo mphaka amayamba kupuma mwawefuwefu, usinini wake umadera ngati chokoleti, nkhope ndi mapazi zimatupa. Theka la piritsi la 500 mg likhoza kupha mphaka wa msinkhu wa wanuyo. Brufen ndi aspirin nazonso zimayambitsa zilonda m'chifu ndi kuwononga impso. Anebawo akulankhula ndi mtima wabwino, pamenepo sindikukayika, koma mankhwala a anthu asafike pakamwa pa mphaka pokhapokha dokotala wa ziweto atatchula yekha dzina lake ndi mlingo wake.

Mawu enawo, akuti amphaka ndi momwe alili, sali onama kotheratu. Mphaka ndi nyama yosachedwa kusanza, ndipo ngakhale wathanzi akhoza kulavula ubweya umene anameza kamodzi pa mwezi kapena pa miyezi iwiri popanda chodetsa nkhawa. Koma kawiri kapena katatu pa sabata, kwa miyezi iwiri yathunthu, chimenecho si chibadwa ayi. Pa ntchito yathu, kusanza kukapitirira masabata atatu timakutenga ngati vuto lokhalitsa lofunika kulifufuza gwero lake, ndipo kusewera kwakeko kusakugonetseni tulo, chifukwa mphaka amadziwa kubisa kudwala kuposa galu. Komabe ndikulimbitseni mtima. Kwa mphaka wamng'ono amene akudya, akumwa madzi ndiponso akuthamangitsa makoswe, gwero limakhala kawirikawiri chinthu chochizika ndi ndalama zochepa, ndipo zambiri mwa zimene mungawerenge pa intaneti, monga khansa ya m'matumbo, kufooka kwa impso ndi matenda a chithokomiro, ndi za amphaka achikulire.

Ntchito yoyamba ndi yanu, ndipo ndi yonyansa pang'ono: musanathire phulusa kapena kukolopa, weramani muyang'ane chimene chatulukacho, mujambule ndi foni, ndipo mukumbukire mmene chinatulukira. Pali zinthu ziwiri zimene eni amphaka onse amazitcha kusanza pamene ndi zosiyana. Mphaka amene akusanza zenizeni amayamba wasowa mtendere, amanyambita milomo, amameza malovu pafupipafupi, nthawi zina amalira kulira kwachilendo, kenako amanyonyomala, mimba n'kumakokeka mwamphamvu kangapo, pomaliza n'kutulutsa chakudya chogayika pang'ono, thovu loyera kapena madzi achikasu a ndulu. Zimenezo zachokera m'chifu kapena kumayambiriro kwa matumbo. Kubweza chakudya ndi kwina. Mphaka amangoweramitsa mutu, chakudya n'kutuluka chokha popanda kuvutika, chili chosagayika, usipa ukuoneka mitu ndi michira, nthawi zambiri chili chowumbika motalika ngati soseji chifukwa chinali chikadali kummero, chisanakhazikike m'chifu. Mphaka wotero sachita nseru, ndipo ena amatembenuka n'kudyanso zomwezo mwini wake akuyang'ana.

Mwanena kuti zimachitika m'mawa akangomaliza kudya, ndipo mfundo imeneyi ikundiloza ku chinthu chimodzi chosavuta. Mphaka amene wagona ndi njala usiku wonse, akapatsidwa mbale yodzaza, amameza osatafuna, makamaka ngati pali galu, nkhuku kapena mphaka mnzake amene amamulanda. Chifu chake ndi chaching'ono, ndipo mwachibadwa anayenera kumadya pang'onopang'ono kambirimbiri pa tsiku, mbewa imodzi pano, buluzi uko. Chakudya chomwecho cha tsiku limodzi muchigawe kanayi kapena kasanu, gawo lomaliza mumupatse inu mukukagona, ndipo muzichimwaza pa mbale yaphwatalala kapena pa thireyi kuti azitola pang'onopang'ono m'malo mochiunjika m'kambale kakuya. Adyere pamalo pake payekha. Ngati masanziwo ali a madzi achikasu okhaokha otuluka mbandakucha asanadye kanthu, njira yothetsera vutoli ndi yomweyo, chifukwa ndulu imapweteka chifu chimene chakhala chopanda kanthu nthawi yaitali.

Ngakhale zili choncho, mukadabwera naye kwa ine lero, ndikadayamba kukayikira njoka za m'mimba, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene eni ziweto ambiri amaganiza kuti anamaliza kale pamene sanayambe n'komwe. Ana amphaka ambiri amatenga njoka zozungulira zotchedwa Toxocara cati kudzera mu mkaka wa mayi wawo, ndipo akakula amazitenganso pomeza mazira ake a m'dothi kapena podya makoswe ndi mbalame zimene zili ndi timphutsi take m'thupi. Njoka zimenezi ndi zoyererako, zimatalika mpaka masentimita 10, ndipo zikatuluka m'masanzi zimaoneka ngati supageti wophika, nthawi zina zikupiringizikabe. Pali zinanso zaphwatalala zokhala ndi mfundomfundo. Mtundu wina, Taenia taeniaeformis, umadzera m'makoswe ndi mbewa, pamene wina, Dipylidium caninum, umadzera mu utitiri umene mphaka amameza podzinyambita. Izi mumazizindikira poona tizidutswa toyera tonga njere za mpunga tikuyenda pansi pa mchira, kapena touma tonga chitowe pamalo amene amagona. Munamutenga kuti azigwira makoswe, ndipo akuluakulu anati walira mvula walira matope: khoswe aliyense amene wadya akhoza kumusiyira alendo m'mimba.

Kumwetsa mankhwala kamodzi sikukwanira, ndipo chifukwa chake n'chakuti mankhwala ambiri amapha njoka zazikulu zimene zili m'matumbo tsiku limenelo, osakhudza timphutsi timene tikuyendabe m'chiwindi ndi m'mapapo, timene pakapita masabata ochepa timafika m'matumbo n'kukula. Mwana wa mphaka amayenera kulandira mankhwala masabata awiri aliwonse kuyambira ali ndi masabata atatu mpaka atasiya kuyamwa, kenako mwezi uliwonse mpaka atakwanitsa miyezi 6, ndipo akakula, miyezi itatu iliyonse. Mlenje wa makoswe ngati wanuyo angafunike kawirikawiri kuposa pamenepo. Pogula, onetsetsani kuti ndi mapiritsi a amphaka ndipo muli mankhwala a mitundu yonse iwiri ya njoka, chifukwa pyrantel payekha amapha zozungulira koma zaphwatalala sazikhudza, izo zimafuna praziquantel. Mapiritsi monga Drontal wa amphaka ndi Milbemax anaphatikiza kale mankhwala a mbali zonse ziwiri. Mlingo umatengera kulemera kwa mphaka, choncho mumuyeze: kwerani pa sikelo mutamunyamula, kenako mukwere nokha, muchotsere. Mubwereze pakatha masabata awiri kapena atatu. Albendazole amene timamwetsa mbuzi kapena ana asukulu musamupatse mphaka, chifukwa akhoza kuwononga mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi.

Popeza m'nyumbamo muli ana, ndionjezere kuti mazira a Toxocara amakhwima m'dothi pakapita masabata awiri kapena kuposerapo, ndipo mwana wosewera pa mchenga pamene mphaka amakwirira chimbudzi chake akhoza kuwameza. Mulu wa mchenga womangira umene umakhala pabwalo miyezi yambiri ndi chimbudzi chimene amphaka amachikonda koposa. Uvundikireni, ndipo ana azisamba m'manja ndi sopo asanadye.

Tsopano za chakudyacho. Mkaka muuleke lero lomwe, ngakhale ana adandaule. Amphaka ambiri akasiya kuyamwa amataya mphamvu yogaya shuga wa mu mkaka, ndipo mkaka wa ng'ombe umawatsekula m'mimba kapena kuwasanzitsa. Madzi oyera ndi okwanira. Usipa pawokha si woipa, ndipo ndikudziwa kuti ndi umene mabanja ambiri angakwanitse, koma vuto limakhala pa mmene wafikira m'mbale ya mphaka. Ngati ndi wotsala pa ndiwo zanu, ndiye kuti muli mchere, mafuta ophikira, tomato, mwina tsabola, ndiponso anyezi. Anyezi ndi adyo zimaphwanya maselo ofiira a magazi a mphaka, zikhale zaziwisi kapena zophika, ndipo zikamalowa pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku zimamuthera magazi mwini wake osadziwa. Mupatulireni usipa wake musanathire chilichonse, muutsuke kuchotsa mchenga, muuwiritse m'madzi okha. Usipa wakale umene mafuta ake ayamba kununkha moipa, ndi mkute umene wagona kunja m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, zonsezi zimasanzitsa. Ndinenenso mosabisa kuti nsima si chakudya cha mphaka. Iye ndi nyama yodya nyama, thupi lake limafuna zinthu monga taurine zimene sizipezeka mu chimanga, choncho nsima ikhale yochepa, nsomba, nyama kapena dzira lophika zikhale zambiri. Mukaganiza zosinthira ku chakudya cha amphaka cha m'mapaketi chogula m'masitolo, musasinthe tsiku limodzi. Muzisakaniza chatsopano ndi chakale, kuonjezera pang'onopang'ono kwa masiku 7 mpaka 10, chifukwa kusintha kwadzidzidzi nako kumasanzitsa.

Za ubweya sindichulukitsa mawu, chifukwa anthu amaunamizira milandu yambiri imene si yake. Mphaka wa ubweya waufupi wa miyezi 9 sayenera kulavula ubweya sabata iliyonse. Akamatero, funso ndi lakuti n'chifukwa chiyani akudzinyambita mopitirira muyeso, ndipo yankho lake kawirikawiri ndi utitiri. Mupeseni ataima pa pepala loyera lonyowa: tizinthu takuda tikagwa n'kusungunuka kukhala tofiira, chimenecho ndi chimbudzi cha utitiri. Chenjerani kwambiri pogula mankhwala ake, pakuti ambiri a agalu ali ndi permethrin amene amagwetsa mphaka khunyu mpaka kumupha, ndipo mankhwala a dibi la ng'ombe ndi oopsa chimodzimodzi. Kudya udzu kwa apo ndi apo n'kusanza masamba ake ndi khalidwe la amphaka ambiri athanzi, monganso kusanza kamodzi atakhuta ngumbi mvula yoyamba itagwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa amphaka a msinkhu uwu ndi ulusi. Lilime la mphaka lili ndi timinga toloza kummero, kotero kuti akayamba kutafuna ulusi, chingwe cha thumba la ufa, ulusi wa mesh kapena tepi ya mphatso, zimamuvuta kulavula, amangomeza. Ndinalandirapo mphaka wa telala wina amene ankasanza masiku atatu, mwini wake akuganiza kuti wadya buluzi. Nditakweza lilime ndinapeza ulusi wakuda utakulunga pansi pake, utadula kale mnofu, mbali yotsalayo itatsikira m'matumbo. Ulusi ukakodwa chotere matumbo amayesetsa kuukankha koma sungayende, ndiye amakwinyika pa ulusiwo monga mmene siketi imakwinyikira pa lamba wa lasitiki, ndipo ulusi umayamba kucheka matumbowo m'kati. Mphaka uja anapulumuka ndi opaleshoni. Mukaona ulusi ukulendewera kukamwa kapena kumbuyo kwa mphaka, musaukoke ngakhale pang'ono, thamangani naye kwa dokotala. Zinthu zina monga kachidutswa ka pulasitiki, labala kapena fupa la nkhuku zikhoza kukhala m'chifu masabata ambiri, kumatseka njira lero, mawa n'kusuntha, ndipo mphaka wotero amasanza mwa apo ndi apo akuoneka wathanzi ndithu, mofanana ndi wanuyo. N'chifukwa chake sindingakuuzeni kuti mungokhala phee.

Pali zizindikiro zimene mukaziona musadikire kuti kuche kawiri. Mphaka akasanza kangapo motsatizana tsiku limodzi mpaka madzi omwe osakhazikika, akasanza magazi kapena timibulu takuda tonga khofi wopera, akakana chakudya tsiku lathunthu, akamabisala kunsi kwa bedi ali lefu, kapena akamalira mukamugwira pamimba, ameneyo ndi wodwala wofunika dokotala tsiku lomwelo. Tsinani khungu la pakati pa mapewa ake n'kulisiya: likachedwa kubwerera, ndipo usinini uli wouma ndi womata, madzi amuthera m'thupi ndipo angafunike dripi. Popeza wanuyo ndi wamwamuna, muziyang'ananso mmene akukodzera. Mphaka wamwamuna amene akunyonyomala pafupipafupi mkodzo osatuluka, n'kumanyambita kumaliseche ndi kusanza, njira yake ya mkodzo yatsekeka, ndipo akhoza kufa m'masiku awiri kapena atatu. Kusanza kwadzidzidzi kotsagana ndi dovu lambiri, kunjenjemera ndi kutsekula m'mimba kumatikumbutsa Temik, amene anthu amamusakaniza ndi nsomba kapena nsima potchera makoswe, nyambo imene mphaka woyendayenda m'mipanda ya aneba saikana. Mankhwala ena a makoswe sachita changu chotero, amachititsa magazi kusaundana, ndipo mphaka amayamba kufooka, usinini utayera, patapita masiku atatu kapena asanu. Maluwa a lily amene amabwera m'mitolo ya paukwati kapena ya pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, amawononga impso za mphaka ngakhale atangotafuna tsamba limodzi kapena kumwa madzi a m'botolo lake. Ndipo ngati sanabayidwepo katemera, kusanza kotsagana ndi kutentha thupi ndi kutsekula m'mimba kukhoza kukhala panleukopenia, matenda opatsirana amene amapha ana amphaka ambiri.

Akasanza kamodzi koma ali bwinobwino, chotsani chakudya kwa maola ochepa, madzi akhalepo, kenako mumupatse nyama ya nkhuku yowiritsa yopanda mchere, chikopa kapena mafupa, supuni imodzi kapena ziwiri, n'kumaonjezera akaisunga. Musamugoneke ndi njala tsiku lonse monga mmene ena amachitira ndi agalu. Mphaka akakhala masiku awiri kapena atatu osadya, mafuta amayamba kuunjikana m'chiwindi, ndipo matenda amenewo ndi ovuta kuposa amene munayamba nawo. Kumumwetsa mafuta ophikira mokakamiza kuti atsuke m'mimba n'koopsanso, chifukwa akatsamwa mafutawo amalowa m'mapapo.

Ine ndikadakhala inu ndikadachita motere. Sabata ino ndikadapita naye kwa dokotala wa ziweto kuti amugwire pamimba, amuyang'ane pansi pa lilime, amuyeze kulemera ndi kutentha kwa thupi, kumene kwa mphaka wathanzi kumakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39, n'kumupatsa mankhwala oyenera a njoka ndi a utitiri. Muno mu Lilongwe muli chipatala cha ziweto cha bungwe loteteza ndi kusamalira zinyama la LSPCA, madokotala oyima paokha, ndiponso ofesi za boma zoona za ziweto zimene zingakulozereni koyenera. Mukabwerako, konzani kadyedwe monga ndafotokozera, ndipo mutenge kope lakale la mwana wasukulu muzilembamo tsiku, nthawi, chimene anadya, patapita nthawi yaitali bwanji asanasanze, ndi maonekedwe a masanziwo. Muzimuyeza kulemera sabata iliyonse pa sikelo imodzimodzi. Mphaka wa miyezi 9 amayenera kumaonjezera thupi pang'onopang'ono, kotero kuti sikelo ikaima kwa nthawi yaitali kapena ikayamba kutsika, imeneyo ndi mboni yodalirika kuposa maso a munthu amene amamuona tsiku lililonse.

Pakatha masabata atatu kapena anayi kusanza kusanaleke, ndiye kuti zosavuta zija tazichotsa ndipo tiyenera kulowa m'kati. Dokotala adzayeza chimbudzi pa maikulosikopu kufuna mazira a njoka ndi tizilombo tina monga Giardia, ngakhale kuti kusapeza mazira tsiku limodzi sikutanthauza kuti mulibe njoka. Adzayeza magazi kuona chiwindi ndi impso, chifukwa amphaka ena ochepa amabadwa ndi chilema cha ziwalo zimenezi, ndiponso kufuna mavairasi a FIV ndi FeLV amene amafooketsa chitetezo cha thupi, makamaka mwa amphaka oyendayenda ndi omenyana. Dziwani kuti FIV ndi ya amphaka okha, siipatsira anthu. X-ray imaonetsa mafupa, singano ndi zitsulo, koma ulusi ndi pulasitiki kawirikawiri sizioneka, zimenezo zimafuna sikani. Zonsezi zikapezeka zili bwino, timaganizira zakuti thupi lake likudana ndi chakudya china, ndipo zimene zimapezeka ndi mlanduwu kawirikawiri ndi nsomba, nyama ya ng'ombe ndi nkhuku. Njira yodziwira ndi kumupatsa nyama ya mtundu umodzi wokha imene sanadyepo, monga ya kalulu kapena ya mbuzi, kapena chakudya chapadera cholembedwa ndi dokotala, kwa masabata awiri kapena atatu popanda kulawa china chilichonse. Apa kuona maso a nkhono n'kudekha, chifukwa mwana mmodzi akangomuponyera mutu wa usipa pansi pa tebulo, kapena mphakayo akatuluka n'kukadya khoswe, kuwerenga masiku kumayambiranso. Nyama yokhayokha si chakudya chokwanira kwa mphaka amene akukula, choncho kuyesaku kuchitike dokotala akudziwa, ndipo kukatha akuthandizeni kukonza chakudya chokhalitsa.

Pa ulendo woyambawo mufunsenso za katemera wa chiwewe ndi wa panleukopenia, ndiponso za kumuthena, popeza pa miyezi 9 wafika kale pa msinkhu woyamba kuyendayenda usiku ndi kumenyana ndi anzake, kumene amakatolako zambiri mwa zimene tatchulazi. Musamunyamule m'manja kapena m'thumba la feteleza, chifukwa phokoso la minibasi kapena la njinga ya kabaza likamudzidzimutsa adzakukalani n'kuthawira mumsewu. Mumuike m'basiketi yotsekeka kapena m'katoni yolimba yoboola timabowo, pansi mutayala kansalu kamene amagonapo, ndipo musamudyetse kwa maola awiri kapena atatu musananyamuke. Mutenge zithunzi za masanzi zija, paketi ya mankhwala alionse amene anamwapo kapena amene munatchera nawo makoswe pakhomopo, ndi chimbudzi chake cha m'mawa womwewo, chochepa ngati nsonga ya chala, m'kabotolo koyera kotsekeka. Akasanza njoka musanapite, musaitaye: itoleni ndi kamtengo, muiike m'kabotolo kena muli madzi pang'ono, mubwere nayo.